Momwe mungapezere malo abwino odyera za Chitchaina ndi za Chimwenye mukafika ku Harare

Ambiri tikatsika basi ya ku Blantyre pa Roadport kapena ku Mbare, timathamangira sadza ndi nkhuku, chifukwa sadza ndi nsima yomweyo. Koma ngati mukhala masiku angapo, patulani tsiku limodzi lolawa zina. Amwenye akhala mumzindawu kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo Matchaina anachuluka boma la Robert Mugabe litayamba ndondomeko ya Look East, yolimbitsa ubale ndi mayiko a kum'mawa monga China, cha m'ma 2003. Anthuwa amafuna kudya zakwawo, ndiye ntchito yanu ndi imodzi: kupeza kumene iwo eni ake amadya.

1. Tulukani pakati pa tauni

Malo ambiri abwino sali m'misewu yothithikana ya m'tauni. Ali ku Belgravia, Milton Park, Avondale, Newlands ndi Borrowdale, ndipo ena ndi nyumba wamba zamumpanda zomwe mutha kuzidutsa osadziwa. Chizindikiro cha malo a Chitchaina nthawi zambiri ndi nyali zofiira zozungulira zolendewera pakhomo. Kumadzulo kuli Long Cheng Plaza, yomwe kampani ya ku China inamanga pafupi ndi National Sports Stadium n'kutsegulidwa mu 2013. Dera limenelo la Belvedere, pamodzi ndi Ridgeview, ndi kumene Amwenye akhazikika kuyambira kale, choncho biriyani ndi samusa muzifunire kumeneko.

2. Funsani a kwathu

Google Maps imathandiza, koma onani tsiku la zithunzi ndipo imbani kaye musananyamuke, chifukwa malesitilanti amasamuka ndi kutsekedwa. Choposa foni ndi pakamwa. Ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera ku Rhodesia kuchokera ku Nyasaland ndi ochuluka ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, ndipo ntchito yophika ndi imodzi mwa zimene makolo athu ankadziwika nazo kuno. Kutchalitchi kapena kumzikiti simulephera kupeza wina amene anagwirapo m'khitchini ya Mtchaina kapena ya Mmwenye. Musafunse kuti "malo abwino ndi ati", mudzauzidwa odula. Funsani kuti, "Achimwene, abwana anu akafuna kudya zakwawo amapita kuti?"

3. Mukalowa, yang'anani odya musanayang'ane menyu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukaona matebulo ozungulira, pakati pali galasi lotembenuka, banja la Chitchaina likudya mwaphokoso, mbale zisanu ndi imodzi zili pakati, tiyi akuthiridwa m'timakapu topanda chogwirira, khalani pansi. Mukapeza malo ali zii pa ola la chakudya chamasana, bwererani. Chakudya cha Chitchaina chimaphikidwa pa moto waukulu m'mphindi zochepa, ndipo chimakoma pokhapokha masamba ndi nyama zikugulidwa tsiku ndi tsiku. Nkhani ya magetsi nayo musaipepuse: amazima maola ambiri ku Harare, choncho pamalo popanda jenereta kapena sola musadyepo nsomba ndi zam'nyanja.

Malo ena ali ndi menyu ziwiri, ya Chingerezi ya alendo ndi ina ya zilembo zawo. Pemphani yachiwiriyo, ikhale ya zithunzi kapena muiwerenge ndi kamera ya Google Translate. Ndiponso si mwano kuuza woperekera zakudya mwaulemu kuti, "Amai, chimene akudya pa tebulo lija n'chiyani?"

4. Itanitsani ngati ndiwo zapakhomo

Ine ulendo woyamba tinapita anthu anayi, aliyense n'kuitanitsa mbale yakeyake ya mpunga wokazinga. Tinalipira zambiri, tinakhuta mpunga, koma tinatuluka osalawa kanthu kenikeni, ndipo zinandipweteka nditaona zimene a pa tebulo loyandikana ankagawana. Matchaina amadya ngati ife: mpunga woyera m'malo mwa nsima, ndiwo pakati, aliyense n'kumatapa. Anthu anayi tengani mbale ya nyama, ya nsomba kapena tofu wopangidwa ndi soya, ya masamba okazinga ndi adyo, ndi jiaozi, timapukusi ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama mkati.

Dziwaninso kuti China ndi dziko lalikulu. Zakudya za ku Sichuan n'za tsabola woopsa, komanso zili ndi njere zina zimene zimachititsa dzanzi pa lilime. Wozolowera kambuzi azikonda. Za ku Guangdong n'zofatsa, zabwino kwa ana ndi agogo. Kwa Amwenye pemphani thali, mbale imodzi yokhala ndi tindiwo tingapo, mphodza, mpunga ndi buledi wawo.  Timitengo todyera tikakuvutani, pemphani supuni ndi foloko, koma musatizike chilili mumpunga, chifukwa kwa Matchaina zimakumbutsa zamaliro.

5. Nenani zimene simudya

Nyama imene Matchaina amaphika kwambiri ndi nkhumba, ndipo imapezeka ngakhale mu jiaozi, mumsuzi ndi m'masamba. Asilamu ndi a Seventh Day funsani mbale iliyonse, kapena pitani kwa Amwenye kumene halal ndi zakudya zopanda nyama sizisowa. Amene mtedza umawadwalitsa apewe nkhuku ya kung pao.

6. Ndalama ndi njira yobwerera

Mitengo imalembedwa m'madola a ku America, ngakhale kuti ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG inayamba mu April 2024. Nyamulani madola ang'onoang'ono osang'ambika, a 1, 5 ndi 10, chifukwa chenji chimavuta, ndipo funsani musanadye ngati amalandira khadi lakunja. Makombi amachepa kukada m'madera amenewa, ndiye konzeranitu takisi kapena galimoto yoitanitsa pa foni kudzera pa inDrive chakudya chisanafike pa tebulo. Zotsala musachite nazo manyazi, apempheni akulongedzereni, mawa mudzatenthetsa kumene mukugonako.