Viza ikatsala pang'ono kutha, musadikire sabata yomaliza abale

Amene muli kunja kuno, tsegulani pasipoti pompano muone deti yomwe viza yanu ikuthera. Osangoti ndikuikumbuka ayi, ioneni ndi maso. Ambiri amene amalowa m'mavuto sikuti anapalamula, anangochedwa basi, amati ndipita sabata yamawa kenako ntchito yapanikiza, ndalama yapita kumudzi, akamadzidzimuka masiku atha.

Ku Joni lamulo limati mupereke mapepala owonjezera viza patatsala masiku osachepera 60 kuti viza ithe, ndipo simupita nawo ku Home Affairs, mumadzera ku VFS, kampani yomwe imalandira mapepala a viza m'malo mwa boma. Mulemba fomu pa intaneti, mulipira, mubukitsa tsiku, kenako mupita nokha akakutengeni zala ndi chithunzi. Tsono tsikulo simungalipeze mawa lomwe, nchifukwa chake ine ndimati yambani kuthamanga patatsala miyezi itatu olo inayi, chifukwa kalata ya bwana kapena ya sukulu, ya kupolisi, ya dokotala, zonsezi zimafuna kudikira ndipo zina zikakhalitsa amazikana kuti zatha mphamvu.

Koma choyamba ndi pasipoti. Ku South Africa amafuna ikhale ikugwirabe ntchito masiku 30 kupitirira pomwe viza yatsopanoyo idzathere, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Ngati yatsala pang'ono kutha yambani ndi imeneyo ku embase yathu, pasipoti siituluka tsiku limodzi.

Mukapereka mapepala akupatsani lisiti. Kapepala kameneka musakapinde mthumba la jinzi nkukachapira limodzi chonde, kajambuleni pa foni, kapangeni fotokope, kenikeniko kasungeni pabwino. Ndi umboni wanu woti munapempha nthawi isanathe. Koma lisiti si viza, ndipo apa ndi pomwe mtima umandipweteka. Kumudzi kwagwa maliro, munthu wakwera basi viza itatha yankho lisanabwere, akafika pa Beitbridge amudindira kuti undesirable, kutanthauza munthu wosafunika m'dzikomo. Kupyola deti ya viza ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi, kupitirira apo zaka zisanu. Zaka zisanu abale, ana ndi katundu zili mbali inayo! Nthawi zina boma limalengeza chifundo kwa amene akudikira yankho koma chimakhala ndi malire ake, muwerenge chikalatacho musananyamuke, osadalira zomva pa gulu la WhatsApp.

Ku UK ukapempha yatsopano viza yakale isanathe umakhalabe movomerezeka mpaka ayankhe, ntchito nkumagwirabe monga kale, koma ukangopita kumudzi asanayankhe amatenga ngati pempholo walichotsa wekha. Ndalama ya chipatala yomwe mumalipira popempha viza, yotchedwa IHS, muyambe kuisunga kale chifukwa amalipiritsa ya zaka zonse pakamodzi.

Za ma ejenti oti ndipatse pasipoti ndikudziwa munthu mkatimo, ayi ndithu. Sitika yabodza ikagwidwa womangidwa ndi inu, iye foni wathimitsa. Ngati nkhani yanu yavuta pitani kwa loya wodziwa za imigireshoni, ali ndi ofesi yoti mukhoza kumupezanso mawa.

Ndipo akakukanani musangokhala phee kubisala. Werengani bwinobwino kalatayo, imanena chifukwa chake komanso ngati mungachite apilo, ku South Africa amapereka masiku 10 ogwira ntchito okha, ndiye tsiku lomwe mwailandira lomwelo yambani kufunafuna thandizo.