Mmene Mphunzitsi wa Fizikisi Angayambire Kujambula ndi Kuthandiza Ena

Ngati mwaphunzitsa fizikisi zaka zambiri, kaya ku Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) ku Luwinga kapena kwina, musataye zomwe mukudziwa za kuwala mukayamba kujambula zithunzi pamanja. Lawirirani ku Chikangawa nkhungu isanachoke, mukaone mmene mitengo ya paini yakutali imaonekera yotuwa, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimamwaza kuwala. Yambani ndi makala ndi pepala. Penti adikire kaye. Kumbukiraninso kuti kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu kukaphatikizana kumayera, pamene penti wa mitundu yomweyo amada, ndipo apa ngakhale ophunzira kwambiri amapunthwa. Zithunzi zikayamba kugulidwa, patulani gawo la ndalamazo, koma musanagule chilichonse mufunse kaye mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi chimene ana akusowa.