Kapezedwe ka RQD pa miyala ya core

Mwafunsa kuti core (mwala wooneka ngati ndodo umene makina oboola pansi amatulutsa) ikatuluka mu borehole, RQD yake mumaipeza bwanji. RQD (Rock Quality Designation) ndi peresenti yosonyeza ngati mwala ndi wathunthu kapena wong'ambikang'ambika.

Yambani ndi kuyala zidutswa m'bokosi motsatana monga zinatulukira. Lembani utali wonse umene makina anaboola pa ulendo umenewo, tinene masentimita 150.

Kenako yang'anani mng'alu uliwonse, ndipo apa musathamange. Mng'alu wachilengedwe nthawi zambiri umakhala ndi dzimbiri kapena dongo. Wothyoledwa ndi makina umaoneka watsopano, mbali zake zimagwirana bwinobwino mukazilumikiza. Wa makinawo musauwerengere, zidutswa ziwirizo zitengeni ngati chimodzi.

Yezani chidutswa chilichonse motsata pakati pake, osati m'mbali. Tengani zolimba zokha za masentimita 10 kapena kupitirira. Mwala wofumbutuka m'manja usiyeni, ngakhale utalike chotani.

Phatikizani utali wa zidutswa mwatengazo, tinene masentimita 22 + 14 + 31 + 12 + 26 = 105. Gawani ndi 150, chulukitsani ndi 100. RQD ndi 70%.

Pa mlingo wa Deere, katswiri amene anayambitsa RQD, pansi pa 25 ndi mwala woipitsitsa, 25 mpaka 50 woipa, 50 mpaka 75 wapakatikati, 75 mpaka 90 wabwino, kupitirira apo wabwino zedi. Wathuwu ndi wapakatikati.

RQD sinena kumene ming'alu yapendekera, choncho lembaninso zimenezo musanaweruze za maziko a mlatho kapena damu.