Momwe mungapatulire chakhumi popanda kudya mpamba kapena kulowa m'ngongole

Kwa zaka zingapo ndinkathandiza kuwerenga chopereka pampingo wathu. Mapemphero akatha tinkatsalira anthu atatu m'kachipinda ka kumbuyo, n'kukhuthulira mbale patebulo. Ndalama zina zinkabwera zoyalidwa bwino mu envelopu. Zina zinali zokwinyika, zonyowa ndi thukuta, zoonekeratu kuti mwiniwake wachita kuzifufuza m'thumba nyimbo ya chopereka itayamba kale. Sindinyoza ndalama yokwinyika, nayonso ndi mphatso. Koma patebulo paja ndinaona kuti ambirife nkhani yopereka timaiganizira tili pabenchi, pomwe malo ake ndi kunyumba, tsiku limene ndalama yalowa. Paulo anauza Akhristu a ku Korinto kuti tsiku loyamba la sabata aliyense aziika kanthu padera monga mmene wapezera, kuti pasadzakhale kusonkhetsana mwaphuma iye akafika (1 Akorinto 16:2). Masitepe ali m'munsiwa akuchokera pamenepo.

Choyamba: dziwani chimene mwapezadi

Gulani kope laling'ono. Kwa mwezi umodzi lembani ndalama iliyonse yolowa: malipiro, ya ganyu, ya lendi, imene mwana watumiza kuchokera ku Joni. Simungapatule gawo limodzi mwa magawo khumi a chinthu chimene simukudziwa kukula kwake.

Wa pantchito yolipidwa pamwezi ali ndi funso lakelake. Malipiro asanafike m'manja, a MRA adula kale msonkho, ndipo 5 peresenti yapita ku penshoni. Kodi chakhumi chichoke pa malipiro onse kapena pa zotsalazo? Abusa amasiyana pa mfundoyi, ndipo ine sindiona chifukwa chokanganirana. Sankhani njira imodzi mwapemphero n'kukhazikika pa iyo. Mukasankha zotsalazo, mudzakumbukire penshoni ikadzatuluka. Chimodzi chokha musadzinamize nacho: ngongole imene banki ikudula pamalipiro si msonkho. Imeneyo ndi ndalama yanu, munaigwiritsa kale ntchito.

Kwa a geni ndi pamene ndifuna tikhalitsepo, chifukwa ndaona amayi okhulupirika akutseka benchi pamsika kaamba kosamvetsa bwino. Tiyerekeze kuti mwaoda tomato wa K60,000. Thiransipoti yadya K8,000, chiphaso cha pamsika ndi majumbo K2,000. Mwagulitsa zonse ndipo m'chikwama muli K90,000. Ndalama imene mwapeza si K90,000 ayi. K70,000 ndi mpamba ndi zolowa pa geniyo. Phindu ndi K20,000, ndipo chakhumi chake ndi K2,000. Mukachotsa K9,000 poona kuchuluka kwa ndalama za m'chikwama, ndiye kuti mwapereka pafupifupi theka la phindu. Tsono pakhomo pakafunika K15,000 ya ufa, ndiwo ndi sopo, K4,000 ichoka ku mpamba. Ulendo wotsatira muoda tomato wochepa, wotsatirawo wochepa kwambiri, ndipo pakatha miyezi itatu mudzayamba kufunsa kuti Mulungu wandisiyiranji. Sanakusiyeni, masamu ndi amene anasokonekera. Deuteronomo 14:22 amanena za chakhumi cha zimene munda wabala. Choncho bwezani kaye mpamba pamalo pake, kenako werengani phindu.

Mlimi awerenge nthawi yokolola, chimanga chikatha kutongoledwa. Thumba lakhumi lililonse lilembeni chizindikiro ndi khala n'kuliika pambali. Ngati matumba sakufika khumi, werengani ndi ndowa. Alimi ena amayamba achotsa mtengo wa feteleza ndi mbewu, ndipo ndikuona kuti ali ndi mfundo, makamaka amene anatenga zipangizozo pa ngongole. Levitiko 27:30 amatchula mbewu za m'munda ndi zipatso za m'mitengo, ndiye mtedza, soya, nandolo ndi mbatata zisaiwalike. Ndipo chonde thumba lopita ku masika lithiridwe mankhwala ngati lanu lomwe. Ndinaonapo thumba lina litamasulidwa kutchalitchi, anankafumbwe ali yakaliyakali, chimanga chitasanduka ufa, pamene amasiye amene anayenera kuchilandira anali atakhala panja kudikira. Mneneri Malaki anadzudzula anthu opereka nyama zakhungu ndi zopunduka (Malaki 1:8).

Chachiwiri: patulani tsiku lomwelo

Ndalama ikagona m'thumba limodzi ndi inzake imapeza ntchito. Mlamu aimba foni, yunifolomu ya mwana ing'ambika, magetsi atha. Ikangolowa, chotsani gawo la Mulungu muike mu envelopu kapena m'kachitini kosatsegulatsegula. Ngati mpingo wanu uli ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, tumizani nthawi yomweyo ndipo uthenga wotsimikizira musaufufute. Wa ganyu amene amalandira tsiku ndi tsiku asachite manyazi ndi K300 kapena K500. Aziponya m'kachitini madzulo aliwonse, Lamlungu kapena Sabata atenge zonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu: kambiranani m'nyumba

Abambo asapereke mobisa amayi akusowa ya mchere, amayinso asatapule chimanga m'nkhokwe abambo osadziwa. Khalani pansi ndi kope lija, mugwirizane. Ngati mnzanuyo sapemphera ndipo sakuvomera, patulani pa zimene mumapeza inuyo, za iye zisiyeni. Ana aoneko zimenezi. Mwana akapatsidwa K1,000 ndi amalume ake, muthandizeni kupatula K100 ndi dzanja lake.

Chachinayi: musakongole kuti mupereke

Apa ndilankhula mosabisa mawu. Pali alaliki ena amene amauza anthu kuti akongole ndalama "abzale mbewu", akuti Mulungu abweza kakhumi pofika Lachisanu. Munthu amapita kwa wakatapila kapena kukatenga ku banki m'khonde, mwezi ukatha anthu abwera kudzanyamula malata ndi mbuzi. Zimenezi zimandipweteka mtima. Pa 2 Akorinto 8:12 Paulo akuti mphatso imalandiridwa malinga ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe. Ndalama ya ngongole si yanu, ndipo siichotsedwa chakhumi.

Chimodzimodzi udindo wa pakhomo. Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo awo thandizo ponena kuti chumacho chaperekedwa kale kwa Mulungu (Marko 7:9-13), ndipo 1 Timoteo 5:8 ali ndi mawu olimba kwa munthu wosasamala a m'banja lake. Mwana akadwala usiku, ndalama yokhayo m'nyumba ndi ya mu envelopu, thamangirani nayo kuchipatala. Mudzabwezera mukapeza.

Tonse tikudziwa mmene zinthu zinakwerera Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati lero gawo lonse lakhumi likukukanikani, musathawe tchalitchi chifukwa cha manyazi. Yambani ndi gawo limene mungathe, lilembeni m'kope, muzilikweza zinthu zikamasintha. Mipingo nayo simayendetsa nkhaniyi mofanana: a Seventh Day amatsindika chakhumi chenicheni, Akatolika ali ndi mtulo, mipingo ina ili ndi makadi a malonjezo. Funsani mkulu wa mpingo kapena katekisiti wanu za dongosolo la kwanuko.

Chachisanu: funsani kumene ndalama zikupita

Kufunsa risiti si kusowa chikhulupiriro. M'masiku a mfumu Yoasi, wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi n'kuliika pafupi ndi guwa, ndipo ndalama zikachuluka m'bokosimo mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerenga ndalamazo ali limodzi (2 Mafumu 12:9-10). Onetsetsani kuti kwanu owerenga chopereka ndi awiri kapena atatu, onse akusayina, ndipo lipoti la chuma likuwerengedwa poyera. Lipotilo likamawerengedwa tcherani khutu mumve ngati akazi amasiye, ana amasiye ndi alendo ali ndi gawo, pakuti Deuteronomo 14:28-29 anawaikira gawo lawo.

Chachisanu ndi chimodzi: nthawi ndi luso zilowenso m'kope

Anthu ambiri amene amati alibe chopereka ali ndi manja. M'fanizo la pa Mateyu 25, wantchito amene anadzudzulidwa sanabe kanthu. Anangokwirira pansi chimene anapatsidwa. Tsegulani tsamba lina m'kope lija mulembe zimene mumatha. Kalipentala angathe kukonza mabenchi ogwedera. Mphunzitsi angathe kukhala ndi ana a Sitandade 8 Loweruka m'mawa mayeso akamayandikira. Namwino angathe kuyeza BP ya agogo mapemphero akatha. Wodziwa za maakaunti athandize msungichuma, amene nthawi zambiri anangosankhidwa chifukwa ndi wokhulupirika koma mabuku sanawaphunzire. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika akhala akutionetsa zimenezi kuyambira kale: kutungira madzi nkhalamba, kugonera odwala kuchipatala, kuchezera pa siwa usiku wonse.

Musalonjeze zambiri. Sankhani ntchito imodzi, tchulani tsiku ndi ola, ndipo mukauze mtsogoleri wa ntchitoyo kuti azikuyembekezerani. Mawu oti "ndidzathandiza ndikapeza mpata" sanakonzepo benchi. Muonenso kuti misonkhano ya kutchalitchi isakulandeni madzulo onse a sabata, ana n'kumagona osakuonani. Nawonso munapatsidwa kuti muwasamale.

Kwa atsogoleri, mmisiri akadzipereka Loweruka limodzi, mugulireni misomali, matabwa ndi chakudya chamasana. Ntchito ikakhala ya mwezi wathunthu, monga kufolera tchalitchi, mulipireni monga mukanalipirira wina aliyense, chifukwa ana ake amadya kuchokera pa hamala yomweyo.