Fyuzi ya hutala ikapsa musamangepo waya

Mvula ya dzinja lino yavundukula khalidwe lomwe tinkayesa kuti lidatha kalekale. Mukadutsa pa magalaja a amisiri a magetsi a galimoto pa Luchenza, pa Chitakale ngakhale pa Bvumbwe, simulephera kupeza pikapu ya mlimi kapena Probox yonyamula tomato ili yasaa boneti, mawaya ali mbwee, fungo la pulasitiki wopsa likuboola mphuno. Mukamufunsa mwini wake kuti zidayamba bwanji, akuuzani kuti hutala idangosiya kulira. N'zoona idasiya, koma chaotcha galimotoyo si hutala ayi. Ndi kawaya kamene iye mwini, kapena mnyamata womuthandiza, adakulunga pa fyuzi itapsa.

Munthu watsegula kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi batire, wazula kofiira kolembedwa 10, wakapenyetsa kudzuwa, waona kuti kachitsulo ka m'kati kaduka. Sitolo ili kutali, katundu wamangidwa kale. Ndiye wasenda ndi mano chingwe cha wailesi yakale, wapota timawaya ta kopa, wakulunga pa miyendo iwiri ya fyuzi ija n'kuibwezera pamalo. Ena amapinda pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Odzitcha ozindikira amazula fyuzi yobiriwira ya 30 pena pake n'kuilowetsa pa malo a ya 10. Wadina batani, hutala yati pii, onse aseka, ulendo wayambika. Pamenepotu mwachotsa ntchito mlonda wakuba akadali m'nyumba.

Hutala imodzi ya galimoto yaing'ono ya 12V imakoka ma amp a pakati pa 3 ndi 5. Zikakhala ziwiri, ya mawu aakulu ndi ya mawu aang'ono, kawirikawiri sizidutsa 10 zonse pamodzi. N'chifukwa chake opanga galimoto amaikapo fyuzi ya 10A kapena 15A, ndipo waya wopita ku hutala amakhala woonda, wongokwanira moto umenewo. Kachitsulo ka m'fyuzi adakayeza kuti kaduke pa nambala yolembedwayo ikapitirira. Kopa wanu uja palibe adamuyeza. Mwina adzaduka, koma ndani akudziwa kuti pa ma amp angati? Kopa amafuna kutentha kopitirira madigiri 1,000 kuti asungunuke, pomwe pulasitiki wokutira mawaya amakhala atayenderera asadafike ndi pa 200 pomwe. Ndipo batire lomwe limatembenuza injini m'mawa kukuzizira lili ndi mphamvu yotulutsa ma amp mazanamazana pakachitika shoti. Fyuzi ikasowa, moto wonsewo umayenda m'kawaya kaja, kamene kamasanduka ngati waya wa mbaula.

Fyuzi siipsa yokha, pokhapokha ikhale yokalamba kwambiri kapena yabodza. Ikapsa kachiwiri ndiye kuti pali chimene chikuipsereza, ndipo kwathu kuno chimenecho kawirikawiri ndi madzi. Hutala imakhala kutsogolo, kuseri kwa bampala kapena patsogolo pa rediyeta, malo amene amalandira chilichonse chomwe matayala a lole yakutsogolo akuwaza. Dothi lofiira la m'misewu ya m'minda ya tiyi likamata pa pulagi limasunga chinyontho masiku ambiri. Hutala zija zokhota ngati chigoba cha nkhono ndiye zimamwa madzi zenizeni ngati kukamwa kwake kwayang'ana kumwamba kapena kutsogolo. Imayamba yasasa mawu ngati yadwala chimfine, kenako dzimbiri lagwira timapointi ta m'kati. Timapointito ntchito yake ndi kudula ndi kulumikiza moto mazana angapo pa sekondi imodzi, ndipo n'kumene kumachokera kulirako. Tikamatirirana, koilo imangomwa moto osapuma, hutala ili duu, fyuzi n'kupsa. Onjezanipo anyamata otsuka galimoto kumtsinje amene amakhuthulira ndowa yathunthu pa girili. Mvula ikatha sikuti mwapulumuka, chifukwa chiperoni cha mwezi wa Juni ndi Julayi chimanyowetsa mapulagi omwewo mwakachetechete.

China ndi waya wokhuzika. Mabampu a msewu wa fumbi amagwedeza mtolo wa mawaya, umadzikhula pa ngodya ya chitsulo mpaka kopa kuonekera. Kukauma amangokhudza mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake fyuzi ina imatha sabata pomwe inzake imapsa tsiku lomwelo. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe nayonso musaikhulupirire, makoswe amatafuna pulasitiki wa mawaya.

Tsono onani zimene mumataya. Waya wa hutala sayenda yekha. Amamangidwa mtolo umodzi ndi mawaya a nyali zakutsogolo, a ma indiketa, pa galimoto zambiri ndi a fani ya rediyeta. Iye akatentha amasungunula anzake onse oyandikana nawo, ndipo amene adayamba ndi vuto la hutala amatsala wopanda nyali, fani yosazungulira, injini ikuwira. Mmisiri amayenera kumasula mtolo wonsewo, kusenda tepi, kulondola waya mmodzimmodzi, ntchito ya masiku. Ena mtolowo umakanika kukonzeka, amakasaka wina kwa ophwasula galimoto ku Limbe, ndipo kupeza wofanana ndendende ndi wa galimoto yanu ndi mwayi. Pa Toyota zakale fyuzi ya hutala ndi imodzi ndi ya ma hazadi, yolembedwa HAZ-HORN, choncho mukaimanga waya mwaika pa chiswe zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Choopsa kwambiri anthu sachidziwa. Pa galimoto zambiri hutala imalira ngakhale kiyi ali m'thumba, kutanthauza kuti njira yake ili ndi moto usana ndi usiku. Moto wochuluka ukadutsa pa relay, kaswitchi kamene kamatumiza moto ku hutala mukadina batani, timapointi take timawotcherana, ndipo ngakhale mutachotsa dzanja pa batani moto umapitirira kuyenda. Shoti ikakhala pakati pa fyuzi ndi relay ndiye siidikira n'komwe kuti wina adine. Galimoto ingathe kuyamba kufuka ili pakhomo, eni ake ali mtulo, yaimikidwa pafupi ndi khitchini yofolera ndi udzu.

Mukawauza zimenezi amayankha kuti akhala akumanga waya kuyambira kale ndipo palibe chidachitika. Kale lake liti? Galimoto zimene ankamanga wayazo zidalibe kompyuta, zidalibe airbag, mawaya ake adali ochepa ndi onenepa. Sienta kapena Probox ya lero mawaya ake ndi oonda ngati ulusi ndipo athinana malo amodzi. Ndiye pali gulu lina lomwe limatopetsa koposa: amene hutala ikavuta amangokoka waya kuchokera pa mutu wa batire, kumudutsitsa pa chitseko kapena pa kabowo kopanda labala, n'kumangirira kabatani ka njinga yamoto pa dashibodi. Amati apanga dairekiti. Fyuzi palibe, relay palibe, ndipo chitseko chikumuluma wayayo nthawi iliyonse chikatsekedwa. Amisiri ena nawonso amavomera kugwira ntchito yotere poopa kuti kasitomala athawira kwa mnzawo. Asiye. Mmisiri amene wakupangirani dairekiti yopanda fyuzi musabwererekonso.

Bambo wina wolima nthochi cha ku Thekerani, mmodzi mwa amene adadzalanso munda matenda a chisaka atapululutsa nthochi zakale, amafotokoza yekha zimene zidamugwera. Fyuzi idapsa katatu mwezi umodzi. Mmisiri adamuuza kuti, madala, siyani galimotoyi theka la tsiku tione pamene pakukhudza. Iye akuti adayankha kuti mafyuzi a masiku ano ndi achabechabe, n'kumangapo waya. Kwa masabata awiri hutala idalira bwinobwino ndipo ankanyadira. Tsiku lina mbandakucha, atadzaza mikoko ya nthochi kupita ku Limbe, adakumana ndi wakabaza pa kona ina asadafike pa Makwasa, nkhungu ili bii. Adadina hutala, siidalire. Mmalo mwake nyali zidathima, utsi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Mwayi wake mnyamata wake adali ndi sipanala 10 m'thumba, adathamangira kumasula batire. Galimoto idagona pamsewu masiku awiri, nthochi zina adagulitsa motchipa kwa odutsa, zina zidapsa pamoto wa dzuwa. Atasenda mtolo wa mawaya adapeza pokhuzika pake pali pa chitsulo chogwira rediyeta, malo osakwana chikhadabo, oti tepi ndi kachingwe komangira zikadathetsa nkhani.

Ndipo musaganize kuti yankho n'kungoyenda opanda hutala. Misewu yathu ndi yokhotakhota, tiyi ndi mabulugamu zimabisa makona, m'mawa muli ana a sukulu ndi othyola tiyi, pa Limbuli kapena pa Chonde tsiku la msika njinga zili pikitipikiti. Poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, hutala amaiyesanso.

Za kakonzedwe, mwachidule. Kuzula fyuzi ndi kuona ngati yaduka aliyense amadziwa. Bwezeranipo ya nambala yomweyo, yofiira ndi 10, yabuluu ndi 15, koma musadine kaye. Zulani pulagi ya pa hutala, zonse ziwiri ngati zilipo ziwiri, kenako dinani batani. Fyuzi ikapsabe hutala itazulidwa, shoti ili m'waya: mulondoleni ndi dzanja kuchokera pa kabokosi mpaka kutsogolo, makamaka pamene wadutsa pa ngodya ya chitsulo. Ikapanda kupsa, lumikizani hutala imodzi, yesani, kenako inayo. Imene ipsereze fyuzi ndiyo yafa. Pofuna kusamala mafyuzi, lumikizani babu la 21W la indiketa pa miyendo iwiri ya malo a fyuzi, hutala itazulidwa. Babu likawala kwambiri mukadina ndiye kuti shoti ikadalipo, ndipo mukagwedeza mtolo n'kuona likuthima mwapeza malo ake.

Fyuzi ikakhala yabwino koma hutala ili chete, wina adine inu mwaika chala pa relay. Ikamati tha tha ndiye kuti batani ndi njira ya pa chiwongolero zili bwino. Sinthanitsani ndi relay inzake yofanana nambala ndi miyendo m'kabokosi momwemo. Pa relay ya miyendo inayi yokhala ndi manambala, 85 ndi 86 ndi koilo, 30 ndi moto wochokera ku fyuzi, 87 ndi wopita ku hutala. Koiloyo pa mita imaonetsa ma ohm a pakati pa 60 ndi 100. Kenako ikani tesita pa pulagi ya hutala. Moto ukafika koma osalira, ganizirani ethi, njira imene moto umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, musadagule chilichonse. Hutala ya waya mmodzi imatenga ethi pa bawuti yake, ndiye masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girizi pamwamba. Hutala zambiri zimene anthu ataya zidali zamoyo, vuto lidali dzimbiri pa bawuti. Kuti mutsimikize, ichotseni muiyese pa batire ndi mawaya awiri, wa moto akhale ndi fyuzi ya 10A. Ikangoti khe, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ndipo ngati ili ndi kasikulu kumbuyo katembenuzeni kotala kotala mukuyesa. Batire nalo liyezeni: lodzadza limaonetsa 12.6V injini itazima, ndipo injini ikulira pakhale pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Relay ikakhala chete ngakhale mwasinthanitsa, vuto lili ku chiwongolero. Hutala yolira pokhapokha mwakhotetsa chiwongolero mbali ina, nyali ya airbag itayaka pa dashibodi, imeneyo ndi clock spring, kalamba ka mawaya kopindidwa kuseri kwa chiwongolero. Apa ndiye pitani kwa mmisiri wodziwa. Asadakhudze amasule mutu wa negetivu pa batire n'kudikira masekondi osachepera 90, ndipo tesita kapena mita zisayandikire mapulagi achikasu, chifukwa airbag ingathe kuphulikira kumaso. Clock spring yatsopano imamangidwa matayala atawongoka, iyo ili pakatikati, apo ayi idzaduka pa kona yoyamba.

Pogula hutala ina werengani pa thupi pake, malole ambiri ndi a 24V ndipo ya 12V siikhalitsa pamenepo. Mangani pa kachitsulo kake kopyapyala komwe imabwera nako, isakhudze bodi, kukamwa kuyang'ane pansi kuti madzi azituluka. Amene mukufuna hutala zazikulu za mpweya ngati za basi, kompuresa yake imakoka moto wochuluka kuposa waya wakale: ikhale ndi relay yakeyake, waya wonenepa, ndi fyuzi yake pafupi ndi batire, ya nambala imene yalembedwa pa bokosi lake. Mafyuzi a 10 ndi 15 gulani awiriawiri, muwamate ndi tepi kunsi kwa chivindikiro cha kabokosi.