Momwe mungaikire webusaiti pa desktop ya Lubuntu kuti muzingodina

Laputopu yomwe ndinawagulira bambo anga kuno ku Area 25 ndi yakale ndithu, RAM yake ndi 2GB basi. Windows inkachita kukwawa, ndiye ndinaichotsa n'kuikamo Lubuntu, mtundu wopepuka wa Linux womwe umalowa m'malo mwa Windows. Inayamba kuthamanga bwino, koma panatsala vuto limodzi: bambo sakonda kulemba maadiresi a pa intaneti. Iwo amafuna kungodina, nyuzipepala itseguke. Ngati nanunso muli ndi kholo lotere, chitani izi.

Tsegulani FeatherPad, kapulogalamu kolembera komwe kamabwera kale ndi Lubuntu, mulembe mizere iyi monga ilili:

[Desktop Entry]
Type=Application
Name=Nation
Exec=firefox https://mwnation.com
Icon=text-html

Sungani fayiloyo mu foda ya Desktop, dzina lake lithere ndi .desktop, mwachitsanzo nation.desktop. Ikaoneka pa sikirini, dinani batani lakumanja la mausi pa iyo musankhe "Trust this executable", apo ayi izikufunsani mafunso nthawi zonse. Ikakanabe, mu terminal (pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta) lembani chmod +x ~/Desktop/nation.desktop.

Ndisanapitirire, wina m'tauni muno anauza bambo kuti kantchito kameneka awachitira pa K5,000. Mizere isanu yokha!   

Tsopano pamene ine ndinagwa mpofunika mumvetsetse. Adiresi yaifupi ngati ya pamwambayo siivuta. Koma bambo anapempha kuti ndiwaikirenso tsamba lina lomwe adiresi yake inali yaitali, yodzaza ndi ?, & komanso %20. Ndinaikopa yonse n'kuimata pa mzere wa Exec. Kudina, zii. Kudinanso, tsamba lolakwika. Ndinaganiza kuti Firefox yawonongeka, ndinaichotsa n'kuikoperanso, bandulo yanga ya sabata yonse n'kutha usiku umodzi, vuto lili pomwepo.

Chimene chinkachitika n'chakuti pa mzere wa Exec, chizindikiro cha % chili ndi ntchito yakeyake. Kompyuta ikaona %u kapena %f imadziwa kuti pamenepo pakubwera adiresi kapena fayilo, choncho ikakumana ndi %20 imasokonezeka. Mankhwala ake ndi kulemba % kawiri paliponse pomwe ali: %20 ikhale %%20. Zizindikiro za & ndi ? nazo zimafuna kuti adiresi yonse itsekeredwe m'mitengero iwiri, chonchi:

Exec=firefox "https://adiresi-yanu/?tsamba=2&mutu=nkhani%%20zathu"

Yang'anitsitsani mitengeroyo. Ikhale yowongoka ya pa kiyibodi. Mukalembera mu LibreOffice Writer imapindika yokha ndipo fayilo siigwira ntchito, n'chifukwa chake ndanena FeatherPad. Nditakonza zimenezi tsamba linatseguka nthawi yomweyo, ndipo mpaka lero bambo amalitsegula okha m'mawa uliwonse akumwa tiyi.

Zotsalazi n'zachidule. Mukafuna tsamba lina, koperani fayilo yomweyo musinthe Name ndi adiresi. Mukafuna lizionekanso mu menyu, ikani kope lake mu ~/.local/share/applications. Amene muli ndi Chromium, pulogalamu ina yotsegulira intaneti, mutha kulemba chromium --app= m'malo mwa firefox, adiresi n'kubwera pambuyo pake penipeni, tsamba lizitseguka pawindo lakelake lopanda malo olembapo adiresi, zomwe zimathandiza akuluakulu kuti asamasochere. Amene muli ndi Xubuntu, mtundu wina wa Linux, musavutike n'komwe: dinani kumanja pa desktop, sankhani "Create URL Link", lembani dzina ndi adiresi.