Musanagule vinyo kwa alimi a ku Jura

Jura ndi kadera kakang'ono kum'mawa kwa France, ndipo minda yambiri ya mpesa kuzungulira tauni ya Arbois ndi mudzi wa Château-Chalon ndi ya mabanja. Imbani foni musanapite. Wogulitsa vinyoyo ndi yemweyo amene amadulira mpesa, ndipo mu Seputembala, nthawi yokolola, sangakupezereni mpata.

Pogula vinyo woyera wa mphesa za mtundu wa Savagnin, funsani ngati ndi ouillé kapena sous voile. Wa ouillé amawonjezera vinyo mumgolo kuti mpweya usalowe. Wa sous voile amangousiya, pamwamba pake nkuyala kachikopa ka yisiti, ndipo amatuluka ndi fungo la mtedza. Ambiri akanunkhiza amati wawonongeka, pomwe ndi mmene amakhalira.

Vin jaune, vinyo wachikasu wa Savagnin wa sous voile, ndiye wofunika kuleza mtima. Amakhwima zaka 6 ndi miyezi 3 asanagulitsidwe, ndipo botolo lake, clavelin, ndi la masentilita 62, osati 75 ngati mabotolo ena a vinyo. Musamuike m'firiji, kuzizira kumabisa fungo lake lonse. Mutsegulireni maola angapo musanamwe, akhale pa madigiri 14 mpaka 16, mudyere tchizi cha Comté.

Wofiira wa mphesa za Poulsard amaoneka wotuwa ngati wothiridwa madzi. Khungu la mphesa zake ndi lopyapyala basi.